Kunyumba Amalankhula, Kusukulu Amangoti Zii: Mungamuthandize Bwanji Mwana Wanu?

Kodi muli ndi mwana wotere? Pakhomo ndi wolongolola. Amaimba, amafunsa mafunso osatha, amakangana ndi abale ake mpaka inu kumuuza kuti, "Iwe, takhala chete!" Koma akangofika kusukulu, pakamwa pamatsekeka. Aphunzitsi akaitana dzina lake, iye amangozyolika. Alendo akabwera pakhomo, amauma ngati chitsa. Mwezi umatha, wina n'kuthanso, mawu osatuluka.

Mwina mwayesa kale zambiri. Mwamunyengerera ndi masiwiti. Mwamukalipira. Mwina tsiku lina munamukwapula chifukwa anakuchititsani manyazi pamaso pa apongozi. Koma zonsezi sizinathandize.

Musataye mtima. Vutoli madokotala amalidziwa, ndipo thandizo lilipo. Mfundo yoyamba kuigwira ndi iyi: mwana wanu sakukana kulankhula. Akufuna, koma mantha akumutsekereza mawu pakhosi.

Vutoli lili ndi dzina

M'Chipwitikizi vutoli amalitchula kuti mutismo selectivo. M'Chingelezi amati selective mutism. Lembani mawu amenewa pakapepala, adzakuthandizani kuchipatala. Tanthauzo lake ndi lakuti mwana amalankhula bwinobwino pamalo ena, koma pamalo ena amalephera.

Mungalizindikire chonchi:

- Mwana amalankhula momasuka ndi anthu ochepa amene anawazolowera, monga amayi ake, abale ake, kapena agogo amene amakhala nawo.
- Kusukulu, kutchalitchi, kumsika kapena pamaso pa alendo salankhula. Ena amangonong'ona. Ena amangogwedeza mutu kapena kuloza ndi chala.
- Zimachitika mofanana nthawi zonse, osati tsiku limodzi lokha.
- Zapitirira mwezi wathunthu, osawerengera mwezi woyamba wa sukulu. Paja mwezi woyamba ana ambiri amachita manyazi.
- Chilankhulo chimene akufunsidwa nacho amachidziwa.

Kawirikawiri vutoli limayamba mwana asanakwanitse zaka 5. Kumudzi silioneka msanga, chifukwa mwana wachete timamuyamikira kuti ndi waulemu. Limadzaonekera poyera akayamba kalasi yoyamba ali ndi zaka 6.

Ana otere si ochepa ayi. Bungwe la zaumoyo la ku Britain, la NHS, limanena kuti vutoli limagwira mwana mmodzi pa ana aang'ono pafupifupi 140 alionse. Titatengera chiwerengero chimenecho, pasukulu ya ana 700 pangapezeke ana asanu. Limapezeka kwambiri mwa atsikana, komanso mwa ana amene akuphunzira chilankhulo chachiwiri.

Madokotala nawonso poyamba ankalakwitsa

Ngati munkaganiza kuti mwana wanu amachita dala, simuli nokha. Mu 1877 dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, analemba za anthu otere. Dzina limene anapatsa vutoli linkatanthauza kukhala chete mwa kufuna. Mu 1934 dokotala wa ana wa ku Switzerland, Moritz Tramer, anaperekanso dzina lina, koma ganizo lake linali lomwelo, lakuti mwana amachita kusankha yekha.

Panapita zaka zambiri madokotala asanaone kuti zimenezi si zoona. Dzinalo analisintha mu 1994. Mu 2013 madokotala a ku America anaika vutoli m'gulu la matenda a nkhawa ndi mantha, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi. Choncho si mwano, si makani, si kupusa. Ndi mantha.

Chimachitika n'chiyani m'thupi mwa mwana?

Munaonapo anapiye kabawi akamadutsa m'mwamba? Amangoti phee pansi, osasuntha, osalira. Sachita kuganiza. Thupi limachita lokha.

Ifenso anthu tili choncho. Mu ubongo muli kachigawo kamene kamagwira ntchito ngati mlonda. Kakaona ngozi kamachenjeza thupi lonse. Mtima umagunda kwambiri, minofu imauma, pakhosi pamathina. Mwa mwana wa vutoli, mlondayu amachenjeza ngakhale popanda ngozi. Munthu wachilendo akangoti, "Dzina lako ndani?" thupi la mwanayo limachita ngati laona njoka. Yankho ali nalo m'mutu, koma silituluka.

N'chifukwa chake nkhope yake imaoneka youma, yosamwetulira. Anthu amaona ngati wakwiya kapena akuchita matama. Akafika kunyumba, mwana wina amakalipa ndi kulira popanda chifukwa chooneka. Amakhala akutulutsa zimene wasunga tsiku lonse.

Chimayambitsa si chinthu chimodzi. Ana ena amabadwa ndi mtima wamantha, ndipo zimenezi zimayenda m'magazi. Mukafufuza mupeza kuti bambo, mayi kapena amalume analinso amanyazi kwambiri ali ana. Ana ena amavutika kutchula mawu ena, ndiye amaopa kusekedwa. Ena vutoli limawayamba atasamukira kumalo achilendo. Si inu munalakwitsa kalikonse polera.

Koma pali chinthu chimene chimakulitsa vutoli ife osadziwa. Tangoganizani. Mlendo wafunsa mwana funso. Mwana wachita mantha, wakhala chete. Inu mwachita manyazi, mwamuyankhira msangamsanga. Mlendo watembenukira kwa inu, mwana wapuma. Thupi lake laphunzira kuti, "Ndikakhala chete, mantha amachoka." Mawa zichitikanso chimodzimodzi. Zikachitika kambirimbiri, chete uja amazika mizu.

Si lilime, ndiponso si kulodzedwa

Achibale adzakuuzani zambiri. Ena adzati lilime lake ndi lomangika, mukadulitse kamnofu ka pansi pake. Ena adzati alipo anamulodza. Dzifunseni funso limodzi: lilime lomangika lingamasuke bwanji pakhomo n'kukamangikanso pasukulu? Mwana amene amaimba kunyumba, lilime lake lili bwino.

Ambiri timathamangira kaye kwa asing'anga kapena kumapemphero. Mwasankha zimenezo kapena ayi, mutetezeni mwana wanu pa zinthu izi: asamudule pakamwa, asamuteme mphini, asamumwetse mankhwala osadziwika, ndiponso asamuike pakati pa gulu n'kumamukuwira kuti alankhule. Mwana wamantha mukamuopseza, mantha amangowonjezeka.

Yambani mwaona ngati si vuto lina

Si mwana aliyense wachete amene ali ndi vutoli. Onani zinthu izi.

Makutu. Kodi mukamuitana muli kumbuyo kwake amatembenuka? Kodi m'khutu mumatuluka mafinya? Mafinya a m'khutu, malungo aakulu okhudza ubongo, ndi matenda oumitsa khosi angathe kuwononga makutu. Mwana wosamva bwino amavutika paliponse, kunyumba komwe.

Kuchedwa kulankhula. Ngati ndi inu nomwe amalankhula mawu ochepa kusiyana ndi anzake a msinkhu wake, kapena sasewera ndi ana ena, kapena sakuyang'anani mukamamulankhula, limenelo lingakhale vuto lina. Likufunikanso kuchipatala.

Chibwibwi. Mwana wachibwibwi amavutika kutulutsa mawu kunyumba ndi kusukulu komwe. Nthawi zina chibwibwi ndi mantha zimayendera limodzi.

Kusiya kulankhula mwadzidzidzi. Apa musachedwe. Ngati mwana amene ankalankhula paliponse wangosiya, ngakhale ndi inu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Makamaka ngati anatentha thupi, anakomoka, kapena anagwa n'kumenyetsa mutu. Chimodzimodzi ngati wayamba kuopa munthu wina wake, wayambiranso kukodza pogona, kapena ali ndi mabala osadziwika. Mwina wina akumuzunza. M'dziko la Mozambique muli nambala yaulere yothandiza ana, ya Linha Fala Criança. Nambala yake ndi 116.

Nanga ngati ndi Chipwitikizi chikumuvuta?

Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga funso limeneli ndi lalikulu. Mwana amakula akulankhula Chinyanja pakhomo, kudimba ndi kumsika. Akafika kusukulu amapeza Chipwitikizi, mwinanso aphunzitsi ochokera kutali amene sadziwa chilankhulo chathu. Mwana aliyense angakhale chete pamenepo. Ana ambiri amatha milungu kapena miyezi ingapo akungomvetsera, kenako n'kuyamba kulankhula. Zimenezo si matenda.

Boma linaliona vuto la chilankhuloli. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri m'zigawo za Gaza ndi Tete, ndipo ku Tete anagwiritsa ntchito Chinyanja. Kuyambira 2003 sukulu zina zimayamba kuphunzitsa ana m'chilankhulo cha makolo awo. Funsani ngati sukulu ya mwana wanu ili ndi kalasi yotero.

Nayi njira yosiyanitsira. Muoneni mwana pa nthawi yopuma. Ngati panja amakuwa ndi anzake m'Chinyanja koma m'kalasi amakhala chete, mwina vuto ndi Chipwitikizi basi. Koma ngati pasukulu salankhula ngakhale Chinyanja, ngakhale ndi mnzake amene amacheza naye bwino kumudzi, ganizirani za mantha aja.

Bwanji osangodikira kuti akule?

Anthu adzati, "Musiyeni, ndi manyazi, adzasintha akakula." Mwana wamanyazi amazolowera pakapita masiku. Mwana wa vutoli sazolowera yekha kawirikawiri. Ndipo pamene mukudikira, iye akuvutika.

Sangapemphe kupita kuchimbudzi, ndiye amadzikodzera m'kalasi, anzake n'kumamuseka. Akadwala m'mimba kapena wina akamumenya, sanganene. Aphunzitsi sadziwa kuti amatha kuwerenga, ndiye amamubwereza kalasi. Ena amamulanga poganiza kuti ndi wamwano. Mapeto ake mwana amadana ndi sukulu n'kusiya. Vutoli likasiyidwa, ena amakula nalo, n'kumaopa anthu mpaka ukulu.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 5 kapena 6 amathandizika msanga kusiyana ndi wa zaka 12 amene sukulu yonse inamuzolowera kuti salankhula.

Zoyenera kusiya lero

- Kumukakamiza. Mawu ngati "Tayankha!" kapena "Pereka moni msanga!" amathinitsa pakhosi.
- Kumumenya kapena kumuopseza.
- Kumulonjeza mphatso kuti alankhule. Akalephera amadziona kuti ndi wachabechabe.
- Kunena pamaso pake kuti, "Ameneyu salankhula." Iye amamva, ndipo amakhulupirira.
- Kumufunsa tsiku ndi tsiku kuti, "Lero walankhula kusukulu?"
- Kumubisa kunyumba. Mwana amene sapita kumsika, kutchalitchi kapena kokasewera, mantha ake amakula.

Zoyenera kuchita pakhomo

Choyamba, muuzeni kuti mwamvetsa. Sankhani nthawi imene muli awiri, mwina mukusenda mbatatesi kapena mukupita kukatunga madzi. Mungamuuze kuti: "Mwana wanga, ndikudziwa kuti kusukulu mawu amakukanira pakhosi. Si kulakwa kwako. Ana enanso zimawachitikira. Sindidzakukakamizanso. Tiziyesa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina zidzatheka." Ana ambiri mtima umakhala pansi akamva mawu otere.

Chachiwiri, konzani nkhani ya moni. Kwathu kuno mwana wosapereka moni amachititsa manyazi makolo, n'zoona. Koma ulemu suli m'mawu mokha. Mwana angathe kugwada, kuwomba m'manja, kupereka dzanja, kapena kubweretsera mlendo mpando ndi madzi. Dziwani kuti mawu ngati moni, zikomo ndi pepani ndi amene amavuta kwambiri ana otere, chifukwa aliyense amakhala akudikira. Nthawi zambiri amabwera pomalizira.

Chachitatu, lankhulani ndi achibale mwanayo palibe. Kwa agogo munganene kuti: "Agogo, mdzukulu wanuyu amakukondani. Mantha ndi amene amamugwira pakhosi. Musamamufunse mafunso. Muzingomulola akhale pafupi nanu mukamatong'ola chimanga, muzimukambira nthano." Pemphaninso amalume ndi azakhali ake kuti asiye kumuseka.

Chachinayi, phunzirani kudikira. Munthu akamufunsa funso, musathamangire kumuyankhira. Werengani chamumtima mpaka 5. Akapanda kuyankha, mutembenukireni inuyo n'kumufunsa funso losankha: "Ukufuna nthochi kapena chimanga chootcha?" Funso lotere ndi lopepuka chifukwa yankho lili kale m'funsomo. Akakunong'onezani, landirani. Akalephera, ingonenani kuti, "Chabwino, tiyesanso," n'kupitiriza nkhani ina.

Chachisanu, akalankhula musadabwe mokweza. Musaombe m'manja kapena kuitana anthu kuti, "Tamverani, walankhula!" Maso onse akakhala pa iye, abwereranso m'chigoba ngati kamba. Muyankheni ngati mmene mumayankhira mwana wina aliyense. Mukakhala awiri mungamuuze kuti, "Unachita bwino pamene unauza azakhali dzina la galu wathu."

Chachisanu ndi chimodzi, itanani mnzake mmodzi wa m'kalasi kuti azibwera kudzasewera pakhomo. Mmodzi yekha, osati gulu. Masanje, phada, chibisalirano ndi jingo ndi masewera abwino chifukwa mawu amatuluka okha mwana ataiwala. Mnzake ameneyo adzakhala mlatho wake kusukulu.

Njira ya makwerero

Thandizo lenileni la vutoli lili ngati kukwera makwerero a nkhokwe. Simudumpha kuchoka pansi kufika pamwamba. Mumaponda pamodzi, kenako pena. Akatswiri awiri a ku England, Maggie Johnson ndi Alison Wintgens, anafotokoza bwino njirayi m'buku limene anatulutsa mu 2001. Nzeru yake ndi yakuti mwana ayambe walankhula ndi munthu amene anamuzolowera, kenako munthu wachilendo azisendera pafupi pang'onopang'ono.

Sizifuna ndalama. Zimafuna inuyo, aphunzitsi, ndi mphindi 10 kapena 15, katatu pa mlungu. Ngati ntchito ya kumunda kapena ya fodya yakuchulukirani, mchemwali wake wamkulu kapena aliyense amene mwanayo amalankhula naye angapite m'malo mwanu. Mufotokozereni mwanayo zimene zichitike, musamuchite mobisa.

1. Ana ena akaweruka, lowani m'kalasi inu ndi mwana, awiri basi. Tengani nyemba kapena timiyala. Werengani mosinthana mmene mumawerengera kunyumba, inu nambala yoyamba, iye yachiwiri. Chitani zimenezi mpaka azilankhula ndi mawu ake enieni m'chipindamo.
2. Tsiku lina aphunzitsi akhale panja chapatali, akuchonga makope awo. Inu pitirizani masewera.
3. Aphunzitsi afike pakhomo la kalasi, osayang'ana mwanayo.
4. Alowe, akhale pakona, atanganidwe ndi ntchito yawo.
5. Asendere pafupi n'kulowa nawo m'masewera. Tsopano mukuwerenga atatu mosinthana.
6. Sinthani masewera. Tchulani mosinthana mayina a ziweto, a mbewu, a anthu a m'banja. Kenako mafunso afupiafupi.
7. Inu yambani kutalikira. Khalani pakona, kenako pakhomo, kenako panja.
8. Onjezerani mnzake mmodzi, kenako awiri, kenako kagulu.

Lamulo lake ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Mwana akauma, ndiye kuti mwafulumira. Bwererani pamene anali womasuka, mudzayesenso tsiku lina. Ana ena amakwera makwerero onsewa m'milungu yochepa, ena miyezi.

Njira yomweyi imagwiranso kwina. Kumsika, lero angopereka ndalama kwa wogulitsa. Mlungu wamawa aloze chimene akufuna. Kenako akuuzeni inu wogulitsayo akumva. Pomaliza adzanena yekha kuti, "Mchere."

Kukambirana ndi aphunzitsi

Musaope kupita kusukulu chifukwa choti Chipwitikizi simuchidziwa bwino. Tengani munthu wokumasulirani, kapena pemphani mmodzi wa makolo a mu komiti ya sukulu, imene imatchedwa Conselho de Escola. Aphunzitsi ali ndi ana ambiri m'kalasi, choncho apempheni zinthu zochepa ndi zotheka:

- Asamulange chifukwa chokhala chete, ndipo asamuimike kutsogolo kuti ayankhe.
- Poitana mayina, amulole kukweza dzanja m'malo monena kuti "presente".
- Agwirizane naye chizindikiro chopemphera kupita kuchimbudzi.
- Amukhazike pafupi ndi mnzake uja.
- Poona ngati akuphunzira, amulole kuloza, kulemba kapena kujambula.
- Amupatse tintchito tosafuna mawu, monga kufufuta bolodi kapena kugawa mabuku.
- Ana ena akamati, "Ameneyu salankhula," awayankhe kuti, "Amalankhula kwawo, ndipo kuno adzalankhula akakonzeka."

Zizindikiro zimenezi si zoti akhale nazo mpaka kalekale. Ndi zomuthandiza kuti asavutike pamene mukukwera makwerero aja.

Kupita kuchipatala

Ngati zizindikiro zapitirira miyezi iwiri sukulu itatsegulidwa, pitani naye. Yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya muli ku Ntengo wa Mbalame, ku Chidzolomondo kapena mudzi wina. Mungayambenso mwafunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene timamutcha APE.

Tengani zinthu izi: khadi lake la kusikelo, kakalata kochokera kwa aphunzitsi kofotokoza mmene amakhalira m'kalasi, ndiponso mawu ake ojambulidwa pa foni akucheza kunyumba, ngati foni yotero ilipo. Zojambulazi n'zofunika kwambiri. Kuchipatala mwanayo akangoti zii, ndipo anamwino angaganize kuti samva kapena salankhula chibadwire. Muuzeni mwanayo kuti mukujambula ndiponso amene akamvere.

Mukafika, nenani momveka kuti: "Kunyumba amalankhula bwino. Kusukulu ndi kwa alendo salankhula. Zatha miyezi mwakuti." Onetsani kapepala kaja ka dzina la vutoli. Pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, amuyeze makutu. Chachiwiri, muonane ndi wa zaumoyo wa maganizo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, dziko la Mozambique lakhala likuphunzitsa anthu ogwira ntchito imeneyi, otchedwa técnico de psiquiatria, n'kumawatumiza m'maboma. Funsani za iwo pa chipatala cha ku likulu la boma, ku Tsangano kapena ku Furancungo. Musanawononge ndalama ya ulendo, funsani kaye tsiku limene amapezeka. Pakafunika thandizo loposa apo, adzakulemberani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, monga cha ku Ulongwe ku Angónia kapena cha mu mzinda wa Tete. Mabanja ena a m'malire amapita ku Ntcheu kapena ku Dedza. Kumeneko gwiritsani ntchito dzina la Chingelezi lija.

Mawu akuti zaumoyo wa maganizo asakuopseni. Sizikutanthauza kuti mwana wanu ndi wamisala. Anthu amenewa amathandizanso a nkhawa, osowa tulo ndi a khunyu.

Musayembekezere jakisoni. Vutoli silioneka m'magazi, ndipo palibe mankhwala omasula lilime. Thandizo lake ndi uphungu ndi makwerero aja. Alipo mankhwala ochepetsa nkhawa amene dokotala angapereke, makamaka kwa ana okulirapo amene njira zina sizinawathandize, koma amafuna dokotala aziona mwanayo pafupipafupi. Musagule mapiritsi pamsika kuti mumupatse.

Zidzatenga nthawi yaitali bwanji?

Palibe angakuuzeni tsiku. Zimadalira msinkhu wa mwana, kutalika kwa nthawi imene wakhala chete, ndi kugwirizana kwa kunyumba ndi kusukulu. Ana ambiri amene athandizidwa adakali aang'ono amadzalankhula bwinobwino.

Padzakhala kubwerera m'mbuyo. Tchuthi chikatha, aphunzitsi akasintha, kapena mwana akadwala, chete uja angabwerenso. Musakhumudwe. Yambiraninso pamene anali womasuka, ndipo ulendo wachiwiri umafulumira.

Popeza tsopano mukutha kulemba, pezani kope laling'ono. Muzilembamo tsiku ndi chimene mwana wachita: "Wamwetulira aphunzitsi." "Wanong'oneza mnzake." "Wawerenga mpaka 10 aphunzitsi ali pakhomo." Tsiku limene mwatopa, tsegulani kopelo muone pamene mwachokera. Mukapita kuchipatala litengeninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mwana wanu sadzakhala wolongolola pagulu, ndipo palibe cholakwika. Chimene mukufuna n'chakuti athe kuyankha akafunsidwa, kupempha akasowa, ndi kunena wina akamulakwira. Yambani lero ndi chinthu chimodzi: mukhale naye pansi, mumuuze kuti mwamvetsa, ndipo simudzamukakamizanso.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Kodi mwana wamanyazi amasiyana bwanji ndi mwana wa vuto limeneli?
2. N'chifukwa chiyani kumuyankhira mwana msangamsanga kumakulitsa vutoli?
3. Mungadziwe bwanji ngati vuto ndi Chipwitikizi kapena ndi mantha?
4. Ndi zizindikiro ziti zimene zimafuna kuti mupite kuchipatala tsiku lomwelo?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli mwana wotere? Mungawauze chiyani makolo ake?